ZA MAPHUNZIRO: Mwana wa Kumtunda ndi Phunziro la Nyanja ya Mcere

Akale anati cakudza siciimba ng'oma, koma cilala ca 2024 cinaimba ng'oma miyezi yambiri cisanafike. M'mwezi wa June 2023, pamene alimi a ku Katete ndi ku Petauke anali kutonola cimanga ndi kukonza nkhokwe, akatswiri a zanyengo a ku America analengeza kuti madzi a pakati ndi a kum'mawa kwa nyanja ya Pacific afunda kuposa masiku onse, ndi kuti nyengo yochedwa El Niño yayamba. Pa 4 July bungwe la zanyengo la United Nations linanenanso mau omwewo. Malo amene madziwo anafunda ali kutali ndi Chipata makilomita oposa 10,000, ndipo mlimi akanafunsa kuti nanga zimenezo zikhudza bwanji munda wace. Yankho linadza mu January ndi February 2024, pamene mvula inadula cimanga cisanakhwime. Pa 29 February mtsogoleri wa dziko, Bambo Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilalaco ndi tsoka la dziko lonse: mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupifupi 1 miliyoni anaonongeka, ndipo maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. M'miyezi yotsatira madzi a m'Kariba anatsika, magetsi nayamba kuzima maola 17 kapena kuposapo pa tsiku.

Anthu amene anamva ng'oma imeneyo nacenjeza maiko sanali oombeza ula ai. Anali amuna ndi akazi amene tsiku lina anakhala pa benci m'koleji, kope m'manja, nayamba phunziro la za nyanja ya mcere, limene pa Cingelezi limachedwa oceanography. Gawo loyamba la phunziro limeneli, lija wophunzira amakumana nalo akangolowa m'koleji, ndilo nkhani ya danga lino sabata ino.

Kholo la ku Lundazi likamva kuti mwana afuna phunziro lotere, silingalephere kudandaula. Zambia ndi dziko la kumtunda, lozingidwa ndi maiko 8, ndipo munthu akhoza kubadwa, nakalamba, namwalira osalawako madzi a mcere. Cinenero naco cimasokoneza: liu loti nyanja, limene Cinyanja cinatengako dzina, limanena Bangweulu, Kariba ndi Indian Ocean yomwe, monga ngati zonsezi nzolingana. Kholo lotere linganene kuti kuli bwino mwanayo aphunzire za ulimi kapena za migodi, zimene ziri pakhomo. Dandauloli ndi lomveka, koma lidza cifukwa ca kusadziwa cimene cimaphunzitsidwa m'kalasimo.

Ambiri amayesa kuti kumeneko anthu amaphunzira kusambira, kupha nsomba kapena kuyendetsa sitima. Si tero. Phunziroli ndi cingwe copotedwa ndi nkhosi zinai: Physics, Chemistry, Biology ndi phunziro la miyala ndi nthaka, ndipo cimene cimanga zonsezi pamodzi ndi masamu. M'cigawo cino ca Africa limaphunzitsidwa pa University of Cape Town, imene iri ndi dipatimenti yaceyace ya za nyanja. Pa Institute of Marine Sciences ku Zanzibar, nthambi ya yunivesiti ya Dar es Salaam imene inakhazikitsidwa mu 1978. Ndiponso ku Quelimane, kumene yunivesiti ya Eduardo Mondlane iri ndi sukulu ya za nyanja kufupi ndi mathiriro a Zambezi. M'makoleji ambiri a maiko ena gawo loyambali limaperekedwa kwa teremu imodzi yokha, kwa ophunzira amene nchito yao yeniyeni idzakhala ina.

Masabata oyamba amatha ndi manambala, ndipo manambalawo amacotsa munthu matama. Nyanja ya mcere iphimba magawo 71 mwa magawo 100 a dziko lapansi, niisunga magawo 97 mwa 100 a madzi onse. Kuya kwace, posakaniza malo akuya ndi osaya, ndi mamita pafupifupi 3,700. Dzenje lakuya koposa, la Challenger Deep m'nyanja ya Pacific, lifika pafupi ndi mamita 11,000, kotero kuti phiri la Everest litaikidwamo, nsonga yace ingamire ndi makilomita 2. Kuwala kokwanira kumeretsa zomera kumalekera pa mamita 200, ndipo kupitirira mamita 1,000 kuli mdima wa ndiwe yani usana ndi usiku. M'kilogramu iriyonse ya madziwo muli magalamu 35 a mcere.

Pa nkhani ya mcereyi aphunzitsi amakonda kusimba za sitima ya Angelezi yochedwa Challenger, imene inazungulira dziko kuyambira 1872 kufikira 1876, niima pa malo 362 kupima kuya kwa nyanja ndi cingwe ndi kutunga madzi a pansi. Katswiri wina, William Dittmar, anapima mabotolo 77 a madziwo, napeza mu 1884 kuti ngakhale madzi ena ali ndi mcere wambiri kuposa ena, mitundu ya mcere imene iri m'menemo isakanizika mofanana ponseponse. Ndiye kuti Atlantic, Indian Ocean ndi Pacific ziri ngati mphika umodzi wobvundulidwa bwino. Wophunzira akagwira mfundo imeneyi, sadabwanso pomva kuti cocitika ku Peru cikhoza kumveka ku Mozambique.

Za pansi pa nyanja zimadutsidwa msanga, koma pali dzina limodzi limene atsikana ayenera kulisunga. Mai Marie Tharp, amene pa masiku amenewo sanali kuloledwa kukwera sitima za akatswiri cifukwa anali mkazi, anakhala pa tebulo ku New York akujambula mapu ndi manambala obwera ndi amuna. Mu 1952 anaona kuti pamsana pa mapiri a pansi pa Atlantic pali cigwa cong'ambika. Mnzace wa panchito, Bruce Heezen, poyamba anakana, koma pambuyo pace anabvomera, ndipo mapu ao a pansi pa nyanja zonse anatuluka mu 1977. Mng'alu umenewo uzungulira dziko, ndipo ulumikizana ndi cigwa cacikuru ca kum'mawa kwa Africa, m'mene muli nyanja ya Tanganyika, yakuya mamita 1,470. Msodzi wa ku Mpulungu amaponya khoka lace m'mng'alu wa mtundu womwewo.

Koma mtima wa phunziro lonse uli pa kutentha. Mai aliyense adziwa kuti mphika wa madzi ucedwa kuwira, ndipo ukaphulidwa ucedwanso kuzizira, pamene mpweya wa pamoto uzizira moto ukangozima. Kuti kilogramu imodzi ya madzi ifunde ndi digiri imodzi, pafunika kutentha kowirikiza kanai kuposa kumene kufunika pa kilogramu ya mpweya. Ndipo popeza madzi ndi olemera kwambiri kuposa mpweya, mamita 3 okha a pamwamba pa nyanja akhoza kusunga kutentha kolingana ndi kwa mpweya wonse wa mumlengalenga. Mpweya uiwala msanga. Palibe katswiri angathe kunena ngati mvula idzagwa ku Nyimba tsiku lakutilakuti mwezi wa mawa, pakuti kulosera kwa tsiku ndi tsiku kumasokera pakapita masabata awiri. Nyanja siiwala msanga. Madzi akafunda mu June amakhalabe ofunda mu December, ndipo miyezi yonseyo amakhala akukankhira mphepo ndi mitambo mbali imodzi. Apa ndi pamene pagona luso lonse lonena za dzinja lisanafike.

Mvula yeniyeniyo ndi mwana wa nyanja. Magawo oposa 80 mwa 100 a nthunzi imene imakwera kukapanga mitambo amacokera m'nyanja ya mcere. Mwana wa ku sekondale anaphunzira kale za mphepo zitatu zimene zimakumana pamwamba pa Zambia m'dzinja: ya ku Congo, ya kumpoto cakum'mawa, ndi ya kumwera cakum'mawa. Ku koleji amauzidwa kuti azilondole mphepozo kumene zacokera, ndipo amapeza kuti ya ku Congo yayambira ku Atlantic, pamene zinazo zadutsa pamwamba pa Indian Ocean.

Pamene ambiri amaphunthwa ndi pa kayendedwe ka madzi. Popeza dziko lizungulira, cinthu ciriconse coyenda ulendo wautali pamwamba pace, monga mphepo kapena madzi, cimapatuka: kumpoto kwa Equator cipatukira kudzanja lamanja, kumwera cipatukira kulamanzere. Fridtjof Nansen wa ku Norway, pamene sitima yace Fram inagwidwa m'madzi oundana a kumpoto pakati pa 1893 ndi 1896, anaona kuti madzi oundanawo sanali kutsata mphepo ndendende, koma anali kupatukira kumanja. Amene anamasulira cinsinsici ndi masamu anali mnyamata wa ku Sweden, V. W. Ekman, akali wophunzira. Nchito yace inasindikizidwa yonse mu 1905. Iye anaonetsa kuti mphepo ikaomba nthawi yaitali, madzi a pamwamba, powatenga onse pamodzi, amayenda copingasa, osati kumene mphepo ilinga. Pano wophunzira wa kuno acenjere. Mabuku ambiri analembedwa ku Ulaya ndi ku America, ndipo zithunzi zace zionetsa madzi akupatukira kumanja. Woloweza pamtima cabe, osalingalira kuti iye ali kumwera kwa Equator, adzalemba mayeso onse cagada.

Phindu la lamulo la Ekman lionekera pa gombe la Namibia. Kumeneko mphepo iomba kucokera kumwera motsata gombe, madzi a pamwamba napatukira kumanzere, ndiko kunena kuti acoka kugombe kulinga pakati pa nyanja. M'malo mwace mukwera madzi ozizira a pansi, odzala ndi cakudya ca tizomera ta m'madzi, monga manyowa m'munda. Tizomera tikacuruka, nsomba nazo zicuruka, ndipo zina mwa nsomba za m'firiji zogulitsidwa m'misika ya Lusaka ndi ya ku Migodi zimacokera m'madzi amenewa, ochedwa Benguela. Koma madzi ozizira sapereka nthunzi yambiri, ncifukwa cace kuseri kwa gombe lolemera nsombalo kuli cipululu ca Namib. Kum'mawa zinthu nzosiyana. Mtsinje wa m'nyanja wochedwa Agulhas utsika ndi madzi ofunda motsata gombe la South Africa, nusenza makyubiki mita pafupifupi 70 miliyoni pa sekondi iriyonse. Zambezi, pothira m'nyanja, apereka pafupifupi 3,500. Wophunzira akagawa manambala awiriwa apeza kuti pafunika mitsinje ya Zambezi 20,000 kuti ilingane ndi Agulhas mmodzi. Mizinda ya Durban ndi Port Nolloth iri pa mtunda wofanana kucokera ku Equator, koma Durban, wa kumadzi ofunda, alandira mvula yokwana mamilimita 1,000 pa caka, pamene Port Nolloth, wa kumadzi ozizira, safikitsa ndi 100 omwe.

Wophunzira akafika apa, ali nazo zida zomvera nkhani ya El Niño. Zaka zambiri mphepo ya pa Pacific iomba kucokera kum'mawa, niunjika madzi ofunda ku Indonesia, kotero kuti nyanja kumeneko imakwera ndi theka la mita kuposa ku Peru, kumene kumatumphuka madzi ozizira monga ku Namibia. Pakapita zaka ziwiri kufikira zisanu ndi ziwiri mphepoyo imafooka, madzi ofunda aja nabwerera kum'mawa, ndipo mitambo ya mvula imawatsata. Pacific ndi yaikuru kotero kuti mitambo yace ikasamuka, kayendedwe ka mpweya m'maiko onse otentha kamasokonezeka. Kumwera kwa Africa mpweya umakonda kutsika m'malo mokwera, ndipo mizere ya mitambo imene ikadagwetsa mvula kumtunda imasendera kum'mawa, kulinga ku Madagascar. Kudziwa zimenezi kunatenga zaka zambiri. Gilbert Walker, amene anapita ku India njala yoopsa ya 1899 itapita, anapeza m'zaka za m'ma 1920 kuti kulemera kwa mpweya kukakwera mbali imodzi ya Pacific kumatsika mbali inayo. Koma munali mu 1969 pamene Jacob Bjerknes anaonetsa kuti kusintha kwa mpweyako ndi kufunda kwa madzi, kumene asodzi a ku Peru anakudziwa kalekale, ndi cinthu cimodzi. Mu 1994 Mark Cane ndi anzace awiri anayerekeza kufunda kwa madzi a kum'mawa kwa Pacific ndi zokolola za cimanga m'Zimbabwe, napeza kuti magawo oposa 60 mwa 100 a kukwera ndi kutsika kwa zokololazo anali kuyenda pamodzi ndi madziwo. Zilala za 1991/92, 2015/16 ndi 2023/24 zonse zinadza m'zaka za El Niño.

Mphunzitsi wabwino salekera pamenepa, pakuti kudziwa pang'ono kumaononganso. El Niño wa 1997/98 anali mmodzi wa amphamvu koposa, ndipo maiko a kumwera kwa Africa anacenjezedwa za cilala coopsa. Alimi ena m'Zimbabwe anacepetsa minda yao. Koma cilala cimene cinali kuopedwaco sicinafike pa muyeso umenewo, ndipo ena anataya cikhulupiriro mwa akatswiri. Colakwa cinali kuyang'ana nyanja imodzi yokha. Indian Ocean nayo iri ndi kusinthasintha kwacekwace, kumene kunalongosoledwa bwino mu 1999, ndipo El Niño yemweyo amene aumitsa Monze ndi Choma amakonda kucurukitsa mvula ku Kenya ndi kumpoto kwa Tanzania. Cotero wophunzira amaphunzitsidwa kulankhula monga munthu woona mitambo yakuda, amene anena kuti mvula ikhoza kugwa, osalumbira kuti igwa. Luso lofotokozera mlimi kusiyana kwa mau awiriwa, m'cinenero cace, ndi losowa kuposa luso la masamu, ndipo munthu wokulira pakati pa alimi ndiye angalithe bwino.

Cakumapeto kwa teremu kumadza mutu umene ukhudza mkuwa. Sitima ya Challenger ija inabvuula pansi pa nyanja timiyala takuda, tolingana ndi dzira la nkhuku kapena nkhonya ya munthu. Timiyala timeneti timakula mamilimita owerengeka cabe pa zaka 1 miliyoni, ndipo m'kati mwace muli manganese, nickel, mkuwa ndi cobalt. Tambiri tagona pa kuya kwa mamita 4,000 kapena kuposapo, pakati pa Hawaii ndi Mexico, m'dera lochedwa Clarion-Clipperton, limene kukula kwace kulingana ndi maiko 6 onga Zambia. Mu 1967 kazembe wa Malta, Arvid Pardo, anapempha United Nations kuti cuma ca pansi pa nyanja cikhale colowa ca anthu onse, a kugombe ndi a kumtunda omwe. Pa zokambirana zimene zinatsatira, maiko okumba miyala monga Zambia ndi Zaire anadandaula kuti migodi ya m'nyanja idzagwetsa mitengo ya mkuwa ndi cobalt. Pangano la malamulo a pa nyanja linasainidwa ku Montego Bay, m'dziko la Jamaica, pa 10 December 1982; Zambia analibvomereza mu 1983, ndipo linayamba kugwira nchito mu 1994. Panganolo lipatsanso maiko a kumtunda ufulu wofika kunyanja podutsa m'maiko a anansi ao. Pofika 2024 bungwe loyang'anira cuma ca pansi pa nyanja, limene likulu lace liri ku Kingston, linali litapereka zilolezo pafupifupi 30 zofufuzira cuma cimeneci, koma malamulo a kakumbidwe anali akali kukambidwa. Dziko lodalira mkuwa likatuma nthumwi ku misonkhano yotere, liyenera kutuma munthu wodziwa kumene timiyalato tiri, ndi cimene cidzaonongeka potikumba.

Tsono wofuna phunziroli akonzeke motani? Coyamba ndi masamu, Physics ndi Chemistry za Giredi 12. Wothawa masamu adzakumana nao pakhomo penipeni pa kalasi. Nchito yambiri ya caka coyamba ndi kujambula mizere ya manambala, kuwerenga mapu, ndi kupima madzi m'cipinda copimira. Adzaphunzira za kukwera ndi kuphwa kwa nyanja kotsata mwezi, kumene pa doko la Beira, podzera katundu wina wa Zambia, kumafika mamita 6. Kukwera sitima kumadza mocedwa, ndipo malo ndi ocepa. Ku South Africa, kuyambira 2016, ophunzira osankhidwa akhala akutengedwa masiku owerengeka pa sitima ya S.A. Agulhas II kukaphunzirira pamadzi penipeni. Kunena zoona, teremu imodzi siipanga munthu katswiri, ndipo nchito zokhala ndi dzina la nyanja ya mcere sizingacuruke m'dziko lopanda gombe. Koma nzeru zace zimalowa m'nchito za zanyengo, za madzi ndi za nsomba. M'nyengo ya cisanu mphepo ya mwera ikaomba pa Tanganyika, imakankhira madzi ofunda kumpoto, madzi a pansi natumphuka ku Mpulungu, ndipo wodziwa za Benguela sacedwa kuzindikira cimene cicitika ku kapenta.

Cina cimene casintha ndi cakuti wophunzira wa lero sayembekezanso sitima kuti aone manambala a m'nyanja. Kuyambira caka ca 2000 maiko ambiri agwirizana pa nchito yochedwa Argo, yomwaza m'nyanja zonse timakina toyandama tokha, pafupifupi 4,000. Kamakina kalikonse kamamira, nikayenda ndi madzi a pansi masiku angapo, nikatsika kufikira mamita 2,000, kenaka nkukwera pang'onopang'ono kakupima kufunda ndi mcere. Kakafika pamwamba kamatumiza manambala ace kudzera pa setilaiti, ndipo patangopita tsiku limodzi kapena awiri aliyense akhoza kuwatenga pa intaneti kwaulere. Mtsikana wa ku Chipata wokhala ndi kompyuta akhoza kusankha kamakina kamodzi koyandama pakati pa Mozambique ndi Madagascar, najambula mzere wa kufunda kwa madzi kucokera pamwamba kufikira pansi, naona ndi maso ace pamene madzi ofunda alekera ndi pamene ozizira ayambira. Pakapita masiku 10 kamakina komweko kadzatumizanso manambala ena, ndipo iye adzajambula mzere waciwiri pambali pa woyamba.